Post-impressionism m'kalasi: yambani ndi bulashi, madeti abwere pambuyo

Mukafika pa post-impressionism mu art history dziwiranitu kuti ojambula zithunzi amenewa sanali gulu ayi. Dzinali anabwera nalo ndi Roger Fry, wolemba za zojambula wa ku England, mu 1910 pa chionetsero ku London, pomwe Van Gogh, Seurat, Gauguin ndi Cézanne onse anali atamwalira kale. Ndiye mukamasaka sitayelo imodzi yoti ikwane onse mungodzipweteketsa mutu, chowagwirizanitsa nchakuti onse anadutsira kwa ma impressionist, ojambula a ku France omwe ankajambula mwachangu kuwala mmene kukuonekera nthawi yomweyo, kenako aliyense nkulowera kwake.

Tengani anayiwo, chithunzi chimodzi aliyense, mutsegule pa Google Arts & Culture nkuzuma mpaka muone mmene bulashi inkayendera. Bandulo ipita ndithu koma osadandaula.

Yambani ndi La Grande Jatte ya Seurat, ija anavutika nayo kuyambira 1884 mpaka 1886. Mukazuma pa udzu paja mupeza kuti si girini yekha, muli timadontho ta yelo, ta olenji, ta buluu, koma mukatalikitsa foni timadontho tonse tija diso lanu limasakaniza lokha. Yesani ndi mabolopeni awiri pa pepala, theka la ola lokha dzanja lichita kuwawa, mumumvetsa mkuluyu kuposa kuwerenga manotsi. Kenako The Starry Night ya Van Gogh ya 1889, penti yake ndi yokhuthala, kumwambako mizere ikungozungulira ngati kamvuluvulu. Cézanne ndiye amavuta ambiri poti poyamba amaoneka ngati sanamalize, koma phiri lake la Sainte-Victoire lija analimanga ndi tizigamba ta mitundu, china pambali pa chinzake. Gauguin mtundu amangouyala phaa nkuuzunguliza mzere, ngati pa chitenje. Anapita ku Tahiti mu 1891, ndipo nkhani ya tiatsikana tomwe ankakhala nato kumeneko osailambalala, imabwera m'makalasi ambiri.

Musanawerenge buku lembani kaye zomwe mukuona, mizere itatu basi. Mukatero ikani chithunzi cha Monet, mmodzi wa ma impressionist aja, pambali, mudzifunse kuti apapa chasintha nchani.

Madeti ogwira ndi ochepa, 1886 chionetsero chomaliza cha ma impressionist, 1888 Van Gogh ndi Gauguin kukhala nyumba imodzi ku Arles nkuyambana, ndi 1910 uja. Makalata a Van Gogh kwa mng'ono wake Theo alipo aulere pa intaneti, amathandiza pa esei. Pa mayeso kulemba kuti "nchokongola" sikupatsa malikisi, tchulani mtundu, malo ake pachithunzipo ndi mmene waupakira.