Chiuno chikathyoka, kulimba kwake kuli kumbuyo

Mafupa a m'chiuno ndi mkombero. Mafupa awiri a m'mbali amakumana kutsogolo pachinena, pamene madokotala amati symphysis, ndipo kumbuyo amagwirana ndi sacrum, fupa la kumunsi kwa msana. Mkombero wotere suthyoka pamalo amodzi kawirikawiri. Mukaona pachinena patatseguka pa X-ray, funani povulala pena kumbuyo, pakuti kumeneko ndiko kuli maligamenti (zingwe zogwirizira mafupa) olimba kwambiri, onyamula thupi munthu akaimirira.

Marvin Tile, dokotala wa mafupa wa ku Toronto, anagawa kuthyokaku m'magulu atatu. Gulu A, mkombero sunasunthe. Gulu B, chiuno chimatseguka kapena kupindikira mkati koma sichikwera m'mwamba. Gulu C, kumbuyo kwadukiratu ndipo mbali imodzi imakwera, mwendo n'kuoneka waufupi. Pachinena pakatalikirana kupitirira masentimita 2.5, dziwani kuti maligamenti ena a kumbuyo ang'ambika kale.

Wodwala wa ngozi ya kabaza kapena minibasi akangofika, choopsa ndi magazi, osati fupa. Ambiri amatuluka m'mitsempha ya kutsogolo kwa sacrum ndi m'mafupa othyokawo, ndipo amasonkhana mkati osaoneka. Mangani chiuno ndi lamba wake, kapena ndi shiti yopinda ngati lamba palibe. Pomanga ndi pa mafupa otumphuka a m'mbali mwa ntchafu, ma greater trochanter. Ambiri amamanga m'mwamba, podutsa lamba wa thalauzi, ndipo pamenepo chiuno sichitsekeka bwino. Mangani pamodzi mawondo ndi akakolo, mapazi ayang'ane mkati. Perekani tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, galamu 1 mumtsempha kwa mphindi 10 maola 3 asanadutse chichitikire ngozi, kenaka galamu ina kwa maola 8. Musamagwedeze chiuno mobwerezabwereza poyesa; mumasula magazi amene ayamba kuundana. Mukaona magazi potulukira mkodzo, musaike catheter (kachubu kotulutsira mkodzo) musanaone ngati njira ya mkodzo yaduka. Shiti isakhale yothina kupitirira maola 24, imabala zilonda. Imanamizanso: imatha kutseka chiuno mwakuti X-ray ioneke yabwinobwino, choncho jambulaninso mutamasula, wodwala atakhazikika.

External fixator ndi zitsulo zogwira mafupa zoonekera kunja kwa thupi. Mapini a mamilimita 5 amalowa mu iliac crest, m'mphepete mwa pamwamba pa fupa la m'mbali, masentimita 2 kapena 3 kumbuyo kwa nsonga yake ya kutsogolo, kuti muphonye mtsempha wopangitsa khungu la ntchafu kumva. Fupalo ndi lopyapyala ndiponso lopendekeka, pini ikalowa choongoka imaboola kunja n'kugwedera. Mapini a pamwamba pa acetabulum, pamene pamalowa mutu wa fupa la ntchafu, amagwira mwamphamvu, koma amafuna C-arm, makina a X-ray ojambula opaleshoni ili mkati. Siyani mpata pakati pa chitsulo ndi mimba, poti mimba imatupa. Chitsulochi chimathandiza pa gulu B, koma pa gulu C sichigwira kumbuyo, mwinanso kumakutsegula. Wodwala wotere pachipatala cha boma laling'ono amafunika kukoka mwendo ndi pini ya m'munsi mwa fupa la ntchafu, kenaka kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe.

Ku fiyeta, symphysis imamangidwa ndi puleti ya mamilimita 3.5, ya mabowo 4 mpaka 6, pocheka chopingasa pamwamba pa chinena, chikhodzodzo chitakhuthulidwa ndi kutetezedwa.

Ntchito yofuna maso ndi ya kumbuyo. Sikuluwu ya mamilimita 6.5 kapena 7.3 imadutsa mu ilium, fupa la m'mbali, n'kulowa mu S1, chigawo choyamba cha sacrum, ndipo njira yake ndi yopapatiza. Kutsogolo kwake kwagona mtsempha wa L5, woyendetsa phazi. Mukaulasa, phazi limagwa, wodwala n'kumalikoka poyenda. Pansi pa njirayo pali bowo la mtsempha wa S1. Choyamba bwezerani fupa m'malo mwake, popeza fupa losuntha limachepetsa njirayo. Waya wotsogolera sikuluwu uziyenda pang'onopang'ono mukusinthasintha zithunzi zitatu: inlet (chojambula kuchokera kumutu), outlet (chojambula kuchokera kumapazi) ndi cham'mbali. Ngati mpweya wa m'matumbo kapena kunenepa kwaphimba chithunzi, musalowetse mongoganizira. Anthu ena sacrum yawo ya m'mwamba inaumbika mosiyana, ndipo kwa iwo njira ya S2, chigawo chachiwiri, ndiyo imakhala yabwino; izi zimaoneka pa CT opaleshoni isanayambe. Pamene jointi ya pakati pa sacrum ndi ilium yatseguka, sikuluwu ya mano kunsonga kokha imakoka mafupa n'kuwatseka. Pamene sacrum yaphwanyika podutsa mabowo a mitsempha, ikani ya mano thupi lonse, kuti isafinye mitsemphayo.

Sikuluwu za puleti ya kutsogolo zimakonda kumasuka pakapita miyezi, ndipo kumbuyo kukakhala kolimba sizivuta kwenikweni. Zikamasuka masabata oyambirira pachinena n'kutsegukanso, kawirikawiri ndiye kuti kumbuyo kunasiyidwa kosamangidwa. Wodwala wa gulu C asaponde mwamphamvu mbali yovulalayo kwa masabata 8 mpaka 12, alandire mankhwala oletsa magazi kuundana m'miyendo kutaya magazi kukangoleka, ndipo mabala a mapini azitsukidwa ndi kuonedwa ngati ayamba mafinya.