Chả cá ya ku Hanoi imadyedwa motere

Amene muli ndi ulendo wa ku Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, musabwereko osalawa chả cá. Ndi nsomba yopanda mamba, yofananako ndi kampango, yomwe amaidula nthulinthuli, kuinyika mu zokometsera za turmeric ndi galangal (muzu wofananako ndi jinja), kenako n'kuiwotcha pamakala. Inatchuka ndi banja la Đoàn, ndipo msewu womwe pali lesitilanti yawo yakale mu Old Quarter, dera lakale la mzindawu, anautcha dzina la chakudyachi, Chả Cá.

Musadabwe akakuikirani kambaula ndi chiwaya patebulo, kumalizitsa kuphika ndi kwanu. Thiranimo masamba onunkhira a dill ndi anyezi wamasamba, ambiri ndithu, musaumire. Akangofota, phulani. Mukachedwa nsomba imauma. Muziika pang'onopang'ono m'kambale: bún, yemwe ndi manudozi a mpunga, nthuli imodzi, masamba, mtedza wokazinga pamwamba.

Nkhani ili pa mắm tôm, msuzi wosasitsa wa shrimp, tizamoyo ta m'nyanja tamtundu wa nkhanu. Fungo lake ndi lamphamvu zedi, koma kukoma kwagona pomwepo. Finyiranimo ndimu, takasani mpaka uchite thovu. Ukakukanikani, pemphani nước mắm, msuzi wa nsomba.

Zovala zapamwamba zisiyeni, mafuta amathovoka ndipo utsi umakakamira. Amene mtedza umakudwalitsani, neneranitu.