Ntchito yokhazikika kapena ya malipiro okwera: malangizo kwa Mmalawi woyamba ntchito ya IT ku Britain

Si zachilendo kuti wachinyamata amene wangomaliza maphunziro a kompyuta ku Britain apezeke ali ndi makalata awiri a ntchito m'manja: ina yochokera ku khonsolo, ku yunivesite kapena ku NHS (bungwe la zaumoyo la boma), ina yochokera ku kampani yatsopano ya ku London imene ikulonjeza malipiro okulirapo. Nzika ya dzikolo ikhoza kungoyang'ana ndalama n'kusankha, chifukwa ntchito ikatha imakhalabe kwawo. Mmalawi amene ali pa viza ya Skilled Worker (ya antchito aluso ochokera kunja) alibe mwayi umenewo, popeza chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimamangiriridwa ku kampani imene inamulemba ntchito.

Kampani ikakuchotsani ntchito imayenera kudziwitsa a Home Office (unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko), ndipo kawirikawiri iwo amafupikitsa viza yanu n'kukusiyirani masiku 60 oti mupeze ntchito ina kapena mutuluke m'dzikomo. Masiku amenewa amaoneka ambiri kwa munthu amene sanafunsirepo ntchito ya IT, koma kulemba anthu pa ntchitoyi kumayenda pang'onopang'ono: kuyankhulana koyamba pa foni, mayeso olemba pulogalamu, mafunso a akatswiri, kenako kudikira yankho. Mukapambana, kampani yatsopanoyo iyenera kukhala ndi laisensi ya Home Office, ikupatseni Certificate of Sponsorship ina (chikalata chotsimikizira kuti yakulembani ntchito), inuyo mufunsirenso viza ndi kulipira ndalama zake, kuphatikizapo msonkho wa zaumoyo umene kuyambira February 2024 ndi mapaundi 1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu aliyense.

Dzina lalikulu la kampani lisakupusitseni. Mu November 2022 Meta inalengeza kuti ichotsa antchito 11,000, ndipo mu January 2023 Google inalengeza 12,000, Microsoft 10,000. Lamulo la ku Britain limakakamiza kampani kupereka ndalama zolairana kwa wantchito yekhayo amene wakwanitsa zaka ziwiri pamalopo, choncho munthu watsopano amangolandira za notisi basi, ndipo notisi yochepetsetsa imene lamulo limafuna kwa iye ndi sabata imodzi.

Kukhazikika kwa kampani kumafufuzika, ndipo kufufuzako n'kwaulere. Mndandanda wa makampani amene ali ndi laisensi yolemba alendo uli pa tsamba la boma la pa intaneti la GOV.UK, ndipo malipoti a chuma cha kampani iliyonse yolembetsedwa amapezeka ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Kampani imene ikuchedwa kupereka malipoti, kapena imene madairekitala ake akusinthasintha, muikayikire. Pa nthawi ya mafunso musaope kufunsa kuti kampaniyo ikupeza phindu kapena ikudalira ndalama za oikamo chuma, kuti ndalamazo zifika liti, kuti ndi antchito angati amene inawatengera viza, ndiponso kuti nthawi yoyesedwa ndi notisi n'zotalika bwanji. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kufunsa bwana mafunso otere n'kusowa ulemu, koma kuno olemba ntchito amakuona ngati munthu wodziwa chimene akuchita.

Pofananitsa malipiro, musayang'ane nambala ya pamwamba pa kalata yokha. Lamulo limangofuna kuti olemba ntchito aziwonjezera 3 peresenti ya gawo la malipiro anu ku penshoni yanu, pamene NHS ndi makhonsolo amawonjezera zochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Lendi ya ku London ikhoza kumeza kusiyana konse kwa malipiro poyerekeza ndi ku Leeds kapena ku Glasgow. Masheya amene makampani atsopano amalonjeza sawerengedwa ngati malipiro pa nkhani ya viza, ndipo amasanduka ndalama pokhapokha kampaniyo itagulidwa kapena italowa pa msika wa masheya, zimene sizichitika kwa makampani ambiri. Ntchito za kontirakiti zolipidwa pa tsiku, zimene anzanu a mapepala okhazikika amazitama, muziiwale kaye, chifukwa viza yanu imafuna kuti mukhale wolembedwa ndi kampani imene inakutengerani.

Komabe, ntchito ya malipiro otsika ili ndi msampha wakenso umene ambiri sauona msanga. Kuyambira July 2025, malipiro ochepetsetsa a viza ya Skilled Worker ndi mapaundi 41,700 pa chaka, kapena mlingo umene boma linaika pa mtundu wa ntchito yanuyo ngati uli wokwera kuposa pamenepo. Oyamba kumene amaloledwa kulandira zocheperapo, kuyambira mapaundi 33,400, koma mwayi umenewu sumapitirira zaka 4, ndipo nthawi imene munakhala pa viza ya Graduate (ya ongomaliza maphunziro m'dzikomo) imawerengedwa momwemo. Ntchito yooneka yokhazikika imene malipiro ake amakwera pang'onopang'ono ikhoza kukusiyani pansi pa mlingo tsiku lokonzanso viza likafika. Funsani musanasaine kuti malipiro anu adzakhala pati nthawi imeneyo.

Maganizo anga ndi akuti pa zaka zoyambazi musankhe kampani yolimba pa chuma, yozolowera nkhani za viza, komanso imene ili ndi akatswiri oti aziwerenga mapulogalamu amene mukulemba ndi kukuwongolerani, ngakhale itamalipira mocheperapo. Ntchito yongosintha mapasiwedi a anthu chaka ndi chaka siingakutetezeni, chifukwa ikadzatha mudzasowa choonetsa kwa olemba ntchito ena. Ufulu wothamangira ndalama umabwera mukapeza Indefinite Leave to Remain (chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale), imene pa njira imeneyi yakhala ikuperekedwa pakatha zaka 5, ngakhale kuti mu May 2025 boma linanena kuti likufuna kutalikitsa nthawiyi kufika zaka 10.

Ngati mwasankhabe ntchito ya malipiro okwerayo, musafulumire kulonjeza achibale kumudzi kuti fizi ya adzukulu onse ndi malata a nyumba zili pa inu. Yambani mwasunga ndalama zokwanira lendi, chakudya ndi viza yatsopano kwa miyezi ingapo. Ndipo musasiye ntchito yakale mpaka a Home Office atavomereza viza ya kampani yatsopanoyo, chifukwa simuloledwa kuyamba ntchito kumeneko chilolezocho chisanatuluke.