Momwe mungasankhire mbendera ya dziko yoti ikhale panja kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Masukulu, maofesi, zipatala ndi maesiteti a tiyi ambiri amakumbuka za mbendera tsiku la 6 Julayi likayandikira, ndipo chifukwa cha changu amangogula iliyonse yomwe yapezeka m'sitolo. Mbendera yogula motero kawirikawiri sichedwa kusuluka ndi kung'ambika, chifukwa nyengo ya m'maboma athu awiriwa ndi yovuta pa nsalu. Mvula imagwa yambiri m'munsi mwa phiri la Mulanje, chiperoni chimanyowetsa zinthu kwa masiku angapo otsatizana m'miyezi yozizira, ndipo dzuwa la mu Okutobala limawotcha utoto. Choncho mbendera yoyenera imasankhidwa poyang'ana mlongoti womwe muli nawo ndi mphepo ya pamalo panu, mtengo wogulira ndi wobwera pambuyo.

Choyamba, yezani mlongoti musanapite kukagula. Ngati mlongotiwo unazikidwa kale m'simenti ndipo simungathe kuutsitsa, musakwerepo. Tengani ndodo yotalika mita imodzi, muiimike chilili pafupi ndi mlongoti dzuwa likuwala, kenaka muyeze chithunzithunzi cha ndodoyo ndi cha mlongoti pa nthawi imodzimodziyo. Mukagawa kutalika kwa chithunzithunzi cha mlongoti ndi kutalika kwa chithunzithunzi cha ndodo, yankho lake ndi kutalika kwa mlongoti m'mamita. Mwachitsanzo, ngati cha ndodo chili masentimita 150 ndipo cha mlongoti chili masentimita 900, ndiye kuti mlongoti wanu ndi wa mamita 6. Aphunzitsi angathe kuwapatsa ophunzira a Sitandade 8 ntchito imeneyi, ndipo adzaigwira bwino.

Chachiwiri, werengerani kukula kwa mbendera. Njira yomwe opanga mbendera ambiri amatsata ndi yakuti mulitali mwa mbendera mukhale pakati pa gawo limodzi la magawo anayi ndi gawo limodzi la magawo atatu a kutalika kwa mlongoti. Mbendera ya Malawi ili ndi muyeso wake wa 2 kwa 3, kutanthauza kuti ngati mulifupi mwake muli mita imodzi, mulitali mwake muyenera kukhala mita imodzi ndi theka. Pa mlongoti wa mamita 6, womwe ndi wofala m'masukulu, mbendera ya masentimita 100 kwa 150 kapena 120 kwa 180 imakhala bwino. Pa mlongoti wa mamita 9 mungaike ya masentimita 150 kwa 225. Ngati mukungokhomera kamtengo kakafupi pakhoma la khonde la ofesi, ya masentimita 60 kwa 90 ndi yokwanira.

Pakati pa miyeso iwiri yomwe ikuloledwa, ine ndimalangiza kuti anthu a kuno atenge wocheperapo, makamaka ngati malowo ndi apamtunda kapena apoyera, monga m'mapiri a tiyi a ku Thyolo, kumene mphepo imawomba popanda chotchinga. Chifukwa chake ndi chakuti mphamvu yomwe mphepo imakokera mlongoti imakula molingana ndi kukula kwa nsalu yonse. Mbendera ya 150 kwa 225 imaoneka yokulirapo pang'ono chabe poyerekeza ndi ya 100 kwa 150, koma nsalu yake ndi yoposa kuwirikiza kawiri, ndipo ikanyowa imalemeranso. Mlongoti wa paipi yopyapyala umapindika ndi katundu wotere, ndipo wa bulugamu womwe chiswe chadya m'munsi ungathe kuthyoka ana ali pamzere. Yang'ananinso zozungulira mlongotiwo kuti mbendera ikatambasuka isakhudze denga la malata, nthambi za mitengo kapena mawaya a magetsi.

Chachitatu, sankhani nsalu, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Nsalu ya thonje imaoneka yaulemu ndipo ndi yabwino m'holo kapena m'ofesi, koma panja imamwa madzi, imachedwa kuuma, ndipo m'nyengo ya chiperoni imachita nguwi ndi madontho akuda omwe sachoka ngakhale muichape. Kwa malo monga Likhubula, Chitakale kapena Muloza, kumene chinyezi chimakhalitsa, thonje lisiyeni.

Nayiloni ndi yopepuka, imauma msanga, ndipo imatambasuka ngakhale kamphepo kakhale kochepa, kotero ndi yoyenera pabwalo lozunguliridwa ndi nyumba kapena mitengo. Vuto lake ndi lakuti dzuwa limaifooketsa msanga ndipo mphepo yamphamvu imaing'amba kumapeto. Poliyesitala ndiye amapirira kwambiri dzuwa, mvula ndi mphepo. Alipo wopepukirapo woluka ngati jezi ya mpira, yemwe amadutsa mpweya ndi kuuma mofulumira, ndiponso wokhuthala wooneka ngati thonje, yemwe ndi wolimba koposa koma amafuna mphepo yeniyeni kuti atambasuke. Pa mbendera yomwe izikwezedwa tsiku ndi tsiku m'maboma athu ano, poliyesitala wopepukirapoyo amakwanira malo ambiri, ndipo wokhuthalayo musungire malo a mphepo yamphamvu. Pewani kansalu konyezimira kopyapyala komwe amagulitsa pa masiku a mpira wa timu ya Flames, popeza anakapangira kukupiza pamanja kwa tsiku limodzi.

Muli m'sitolo momwemo, itambasuleni mbenderayo ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Utoto uyenera kuonekera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Pakani kansalu koyera konyowa pa mtundu wofiira, ndipo kakatenga utoto dziwani kuti mvula yoyamba idzasakaniza mitundu yonse.

Chachinayi, yang'anani kasokedwe. Mbendera imayamba kutha kumapeto komwe kumamenyedwa ndi mphepo, choncho mpendero wa kumeneko ukhale wopinda kawiri ndi wosoka mizere inayi, ndipo m'makona mukhale mobwereza ulusi. Mbali yoyandikana ndi mlongoti ikhale ndi nsalu yolimba yokhuthala momwe mumadutsa chingwe. Ngati pali mphete zomangirira, zikhale za mkuwa, chifukwa zachitsulo wamba zimachita dzimbiri m'nyengo imodzi ya mvula ndi kudetsa nsalu. Mbendera ya nsalu yabwino koma yosoka mzere umodzi mungathe kupita nayo kwa telala kuti awonjezere mizere ndi ulusi wa poliyesitala musanaikweze. Chingwe nachonso chikhale cha nayiloni kapena poliyesitala, popeza cha khonje chimaola.

Chachisanu, tsimikizani kuti ndi mbendera yoyenera ya dziko lino. Mbendera yomwe inakwezedwa pa 6 Julayi 1964 ili ndi mizere itatu yopingasa yofanana kukula: wakuda pamwamba, wofiira pakati ndi wobiriwira pansi, ndipo pa mzere wakudawo pali dzuwa lofiira likutuluka, lokhala ndi timizere 31 ta kuwala kwake. Mu 2010, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mbendera inasinthidwa n'kukhala ndi wofiira pamwamba, wakuda pakati ndi dzuwa loyera lathunthu, koma mu Meyi 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa ya 1964 pamene Mayi Joyce Banda anali Pulezidenti. Ogula pa intaneti asamale kwambiri, chifukwa zithunzi za mbendera ya 2010 zikupezekabe. Werengani timizere ta dzuwa, onani kuti mizere itatu ija ndi yofanana, ndipo musalole kuti pasindikizidwe dzina la sukulu kapena la kampani, popeza mbendera ndi yotetezedwa ndi lamulo la dziko loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina.

Mukaigula, kasamalidwe ndi kamene kamaitalikitsa moyo. Ikwezeni m'mawa ndi kuitsitsa dzuwa likamalowa, ndipo isakhudze pansi. Kuisiya usiku wonse kumaithetsa msanga, chifukwa mphepo ndi mame zimaigwira maola onse 24. A zanyengo akachenjeza za mphepo yamkuntho, monga zinalili pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, itsitseni nthawi yomweyo. Ikanyowa muiyanike pamthunzi mpaka iume musanaipinde, ndipo ikada muichape pamanja ndi madzi ozizira ndi sopo wofewa, osathira mankhwala oyeretsera zovala. Ulusi ukangoyamba kutuluka kumapeto, telala adule pang'ono ndi kupendanso, koma mbendera ikafupika mpaka kutaya muyeso wake wa 2 kwa 3, kapena mzere wakuda ukasuluka n'kuyamba kutuwa, nthawi yoisintha yakwana. Makomiti a masukulu omwe angakwanitse agule ziwiri nthawi imodzi, ina ya masiku onse ndi ina yosunga m'kabati, yoti izituluka pa 15 Januwale, pa 3 Malichi ndi pa 6 Julayi.