Lekani kupondetsa msana mukatha kunyamula matumba

Chiyambireni kukolola chaka chino, pali chinthu chimodzi chomwe ndikuchiona mudzi uliwonse womwe ndafikamo, ndipo chikundidetsa nkhawa. Munthu wasenza matumba a makilogalamu 50 tsiku lonse, madzulo chiuno chauma gwa. Ndiye akugona chafufumimba pamphasa n'kuitana mwana kapena mnzake kuti amuponde pamsana mpaka pamveke kulira kwa mafupa. Achinyamata awonjezerapo zawo: aonera pa TikTok ndi pa Facebook anthu akunja akuwongoledwa misana, basi nawonso ayamba kupotokolana makosi pabwalo.

Anthu amene mukuwaona m'mavidiyowo amatchedwa ma chiropractor. Ntchitoyi anaiyambitsa D. D. Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America. Ku South Africa amaiphunzira zaka zisanu kapena kuposerapo, ku University of Johannesburg ndi ku Durban University of Technology. Asanakugwireni amayamba akufunsani mbiri ya ululuwo, kukupimani, nthawi zina kukujambulani X-ray, ndipo alipo odwala ena omwe amawakana n'kuwatumiza kwa dokotala. Zimenezo vidiyo sikuonetsani. Imangoonetsa pomwe palira. Kulirako sikuti fupa labwerera m'malo mwake ayi, ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo, monga muja zimalirira zala mukazithyola.

Msana uli ndi timafupa 24 toyenda: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno. Pakati pa timafupati pali tizigamba tofewa, ndipo m'mbali mwake mumatuluka mitsempha yopita kumiyendo. Kachigamba kotere kakakhala kavulala kale ndi thumba lija, inu n'kuikapo chidendene cha munthu wamkulu, mukuyembekezera chiyani?

Bambo wina wa dimba anandiuza yekha. Chiuno chinkangowawa pang'ono, anapondetsa kwa mlamu wake usiku, m'mawa ululu unali utatsika mwendo wonse mpaka kuphazi, ndi dzanzi. Mbewu ya tomato inakulira pa nazale iwo ali gone. Anagulitsa matumba a chimanga chomwe anakolola kuti alipire aganyu ndi galimoto yopita kuchipatala. Pondifotokozera ankati, "Achimwene, bambo anga ankapondetsa ndipo sanafe." Mawu amenewa ndatopa nawo! Makolo ankatemanso mphini pachiuno ndi lumo limodzi mudzi wonse, kodi tipitirize?

Choopsa kwambiri n'chakuti si msana uliwonse wowawa womwe wayamba ndi katundu. TB imagwiranso msana n'kudya mafupa ake. Agogo ambiri, makamaka amayi, mafupa awo ndi ofooka. Kuponda msana wotero kungathe kuthyola fupa n'kumusiya munthu osayendanso. Za khosi ndiye musayerekeze n'komwe, muli mitsempha ya magazi yopita ku ubongo.

Zoyenera kuchita mukuzidziwa kale. Thumba nyamulani awiri, pindani maondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo musadzipotokole muli chinyamulire. Chiuno chikawawa musagone masiku ambiri, yendayendani pang'onopang'ono, thowani ndi nsalu ya madzi ofunda, ululu wambiri umachepa wokha m'masabata ochepa. Ukapitirira, pitani kuchipatala akutumizeni kwa a fiziyo, akatswiri othandiza ziwalo ndi mafizo, omwe ku Kamuzu Central ndi ku Queens aliko. Mukafuna chiropractor, muonetsetse kuti ali ndi chiphaso. Koma mwendo ukayamba kufooka, dzanzi likafika pakati pa ntchafu, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha kapena mkodzo kukana kutuluka, thupi likamatentha, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.