Ndalama zobisika pokonzetsa laputopu: zoyenera kufunsa musanaisiye

Mtengo umene amisiri amatchula poyamba nthawi zambiri umakhala wa chinthu chimodzi, sipeyala yokha kapena ntchito ya manja yokha. Zotsalazo zimatulukira pa tsiku lokatenga, makina atatsegulidwa kale, inu mulibenso pokanira. Nkhani yonse ya ndalama ithereni pa kauntala, laputopu ikadali m'manja mwanu.

Yambani ndi ndalama yoyezera. Kulipiritsa kufufuza vuto si kuba, chifukwa kuyeza bodi (motherboard, pomwe pamalumikizidwa ziwalo zonse za laputopu) ndi mita kumadya nthawi. Chofunika n'kudziwa ngati ndalamayo idzachotsedwa pa bilu mukavomera kukonzetsa, komanso ngati mudzalipirabe iwo akalephera. Kenako lembetsani pa lisiti malire a ndalama, ndi mawu akuti ntchito yopitirira pamenepo isachitike asanakuimbireni foni.

Sikilini yosweka ndiyo imabisa zambiri. Kungonena kuti ndi ya mainchesi 15.6 sikukwanira. Pa kukula komweko pali ya 1366x768 ndi ya 1920x1080 (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), ndipo polowera waya kumbuyo pamakhala mapini 30 kapena 40. Nambala yeniyeni ili pa chomata kuseri kwa sikiliniyo, amisiri aiwerenge asanaitanitse. Pokatenga lowani mu Settings, System, Display, muone ngati akuikirani yofanana ndi imene mwalipira.

Funsaninso chimene chinaiswa. Ngati sinagwe koma inang'aluka potsegula, vuto lili pa mahinji. Hinji ikauma imazula timanati tachitsulo m'pulasitiki ya chivundikiro, kenako n'kumakanikiza galasi pakona. Kuika sikilini yatsopano pa hinji yotero n'kutaya ndalama, idzaswekanso pomwepo. Choncho kotesheni yoona itchule mahinji, chivundikiro chakumbuyo, felemu yakutsogolo ndi waya wa sikilini, n'kunena ngati zili bwino kapena zisinthidwa. Pa malaputopu ambiri a sikilini yogwira ndi chala galasi limakhala lomatidwa, ndiye amasintha chapamwamba chonse, mtengo n'kukwera kwambiri.

Laputopu ikasiya kutchaja, anthu ambiri amagulitsidwa batire pomwe batire ilibe mlandu. Vuto likhoza kukhala chaja, polowera chaja kapena bodi. Machaja ambiri a Dell ndi HP ali ndi kapini kakang'ono pakati kamene kamadziwitsa laputopu mphamvu ya chajayo. Kapiniko kakapindika, kapena chaja ikakhala feki, makina amayaka koma batire sidzadza, ndipo Dell imayambanso kuchedwa. Uzani amisiri ayambe ayesa ndi chaja ya orijino inu mukuona. Manambala ali pa chomata: HP ndi Dell zambiri zimafuna 19.5V, Lenovo 20V, ndipo chaja ya 45W siikwanira makina ofuna 65W kapena 90W. Polowera chaja napo pali mitundu iwiri. Pena pamalumikizidwa ndi kawaya kongozula, ntchito yaifupi. Pena, makamaka USB-C, pamakhala powotcherera pa bodi, ndipo ntchito ya manja imadula kuposa sipeyalayo.

Thanzi la batire mungalione nokha. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo fayilo yotulukayo ionetsa Design Capacity (mphamvu imene batire inapangidwira kusunga) ndi Full Charge Capacity (imene ikusunga pano ikadzadza). Pa batire yatsopano manambala awiriwo amayandikana. Akatalikirana mutangosinthitsa batire, akuikirani yakaunjika pa mtengo wa yatsopano. Sipeyala yochotsa m'makina ena si yoipa, bola akuuzeni ndipo mtengo utsike.

Kiyibodi inali yotsika mtengo kale, ikungomasulidwa ndi masikuluu awiri. Pa malaputopu opyapyala a masiku ano yambiri imamatidwa ndi timisomali tapulasitiki ku chivundikiro chapamwamba, ndiye mumagula zonse pamodzi. Ngati chinaipha ndi tiyi kapena madzi, yembekezerani ndalama yotsukira bodi, ndipo amisiri ambiri sapereka chitsimikizo pa ntchito yotere chifukwa dzimbiri limapitiriza kudya mkati ngakhale makina atayaka.

Mawu akuti "tingoifomata", kutanthauza kufufuta zonse pa diski n'kuikanso Windows, amamveka opepuka, koma m'menemo muli mabilu atatu. Yoyamba ndi yokopera mafayilo anu, imene mungaipewe pokopera nokha pa fulashi kapena hadi yakunja musanapite. Diski ikakhala yafa, kupulumutsa mafayilo ndi ntchito ina, yodula, yopanda lonjezo. Yachiwiri ndi ya Windows. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, malaputopu ogulitsidwa ndi Windows amasunga kiyi ya laisensi yake mu bodi, choncho kuikanso mtundu womwewo sikufuna kugula laisensi ina. Bodi ikasinthidwa ndiye kiyiyo imapita nayo. Yachitatu ndi Microsoft Office, yomwe ili ndi laisensi yakeyake. Funsani ngati imene akuikayo ndi yovomerezeka, chifukwa zobera zambiri zimayamba kudandaula pakatha masiku 180.

Musanalole kusintha bodi, pezani kiyi ya BitLocker, loko ya Windows yokhoma mafayilo pa diski. Ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Makina ambiri atsopano amakhoma diski okha mwini wake osadziwa. Bodi yatsopano ikalowa, Windows imafunsa kiyiyo, ndipo popanda iyo palibe mmisiri angatsegule mafayilo anu, kaya mumulipire zingati.

Masipeyala ambiri kuno ku Malawi amachita kuitanitsa, kuchokera ku Dubai, China kapena Johannesburg. Pamenepo pamalowa ndalama yotumizira, msonkho wa MRA ndi VAT, ndipo mtengo umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu woitanitsa inasintha nthawi yomweyo. Kotesheni ikhale mu makwacha, itchule kuti zonsezi zili momwemo, ndi masiku amene mtengowo ugwire ntchito. Gwirizananinso za dipoziti: ikabwera sipeyala yolakwika, alipira ndani ulendo wachiwiri? Malo ena amalipiritsanso kusunga mukachedwa kukatenga.

Jambulani ndi foni nambala ya siriyo pansi pa laputopu, ndi zimene Task Manager ya mu Windows ikuonetsa pa Memory (RAM) ndi Disk. Pokatenga yerekezani, chifukwa RAM ya 8GB ikhoza kubwerera ili 4GB inu osazindikira mpaka makina atayamba kukwawa. Pemphani masipeyala akale akubwezereni. Chitsimikizo chilembedwe pa lisiti: masiku angati, ndipo chikukhudza sipeyala yokha kapena ndi ntchito yomwe.

Bilu ikafika pa kusintha bodi, onani kaye msinkhu wa makina. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo pa bodi) ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD. Pa laputopu yakale kuposa pamenepo, yerekezani biluyo ndi mtengo wa ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mukasankha kugula ina, uzani amisiri akuchotsereni diski ndi RAM musanaisiye yakaleyo.