Kuponya chammbali pa baseball: nthawi yake ndi kachitidwe kake

Wothamanga wa mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, akamenya mpira amafika pa beisi yoyamba (mabeisi ndi malo amene wothamanga amaponda pozungulira bwalo), mtunda wa mamita 27.4, m'masekondi anayi ndi pang'ono. Mpirawo uyenera kufika pa beisiyo iye asanafike. N'chifukwa chake shortstop (woima pakati pa beisi yachiwiri ndi yachitatu) ndi anzake a pa mabeisi sadikira kuimirira kuti aponye modzera pamwamba pa phewa. Mpira ukawapeza atawerama, amauponya ali chiweramire.

Yambani ndi kagwiridwe. Chala chamkombaphala ndi chapakati zipingase msoko, chachikulu chikhale pansi, mpira usakhudze chikhatho. Mukaufumbata, umachoka mwaulesi n'kugwera panjira.

Kuponya chammbali kuli ngati kudumphitsa mwala pamadzi. Ambiri amatsitsa chigongono chokha thupi lili njo, ndipo m'pamene amalakwitsa. Pendekekani thupi kuyambira m'chiuno, chigongono chikhalebe pa mzere wa mapewa. Chikagwa pachokha, mphamvu yonse imathera mkati mwa chigongonomo, ululu suchedwa. Chinanso, mpira woponyedwa chonchi ndi dzanja lamanja umakhotera kumanja kwanu uku ukutsika. Kuchoka pa beisi yachitatu kufika pa yoyamba ndi mamita 38.8, ndipo kumanjako ndi kumene kukuchokera wothamanga. Mnzanu wa pa beisi yoyamba akamautsatira, dzanja lake limalowa m'njira ya munthu amene ali pa liwiro. Choncho lunjikani pang'ono chakumanzere.

Mpira wogubuduzika pang'onopang'ono muuthamangire, muutole phazi lamanzere likuponda, muuponye lamanja likuponda (ngati mumaponya ndi dzanja lamanja). Kutola ndi dzanja lopanda golovesi n'kwa mpira umene watsala pang'ono kuima. Pa mabwalo a masukulu a kuno ku Kasungu, ouma gwa m'chilimwe komanso a timiyala, mpira umanjanja mosayembekezereka, ndiye golovesi musaisiye.

Mnzanu akakhala pafupi, mamita anayi kapena asanu, mupatsireni chapansi monga amisiri amaponyerana njerwa. Chotsani golovesi kuti auone mpirawo, dzanja lisapindike, ndipo muutsatire ndi mapazi. Mukaima chilili umakwera n'kumudutsa pamutu.

Achinyamata amakonda kutengera Derek Jeter, yemwe anali shortstop wa timu ya New York Yankees, amene ankadumpha n'kutembenuka m'malere poponya. Kumeneko kumafuna mkono wamphamvu kwambiri, chifukwa miyendo siikuthandizani. Ngati wanu sunafikepo, pondani phazi lamanja mwamphamvu, muponye motsika kuti mpira unjanje kamodzi patali ndithu ndi mnzanu, umufike cha m'chiuno.